Mkodzo wachepa chifikireni ku Moatize: kodi impso zanga zikufa?

Bambo wina wa zaka 43, kwawo ku Domwe m'boma la Angónia, amene wakhala miyezi itatu akugwira ntchito yomanga nyumba ku Moatize, watilembera motere: "Chifikireni kuno ndimakodza kawiri kokha pa tsiku, ndipo mkodzo wake ndi wochepa, wachikasu kwambiri, nthawi zina wofiirira. Msana umandiwawa cha m'chiunomu, moti madzulo aliwonse ndimamwa mapilitsi opha ululu amene ndimagula pamsika. Anzanga akuti impso zanga zayamba kufa, ndipo ena akundiuza kuti ndizimwa mowa kuti zitsukike. Kodi zoona zake n'ziti?"

Bambo, ngakhale kuti munthu sapimidwa kudzera m'kalata, ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi zochita za impso zamoyo zimene zikuumira madzi chifukwa mwini wake akutaya ambiri m'thukuta kuposa amene akumwa. Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi mapilitsi a madzulo aliwonsewo, ndipo kuti mumvetse chifukwa chake, ndiyenera kukuonetsani kaye mmene ziwalo zimenezi zinapangidwira.

Anthu ambiri akamati impso zikuwawa amagwira m'chiuno, pamene pamadutsa lamba, koma impso sizikhala pamenepo. Zili m'mwamba ndithu, kumsana, imodzi mbali iyi ya fupa la msana, ina mbali inayo, ndipo nthiti zomalizira zimaziphimba pang'ono. Ya kumanja imakhala m'munsi pang'ono poyerekeza ndi ya kumanzere chifukwa chiwindi chinatenga malo pamwamba pake. Iliyonse ndi yaitali masentimita 11 kapena 12, yolemera pafupifupi magalamu 150, ndipo maonekedwe ake ndi a nyemba yaikulu ngati chibakera cha mwini wake. Ululu wa m'chiuno umene umakula mukawerama kapena mukanyamula thumba la simenti, n'kuchepa mukagona, kawirikawiri umachokera m'minofu ndi m'mfundo za msana. Ululu wa impso umamveka pansi pa nthiti, nthawi zambiri mbali imodzi, ndipo sulabadira kuti mwaima, mwakhala kapena mwagona.

Tsiku lina mukadzapita kwanu n'kupeza apha nkhumba, mudzapemphe impso imodzi n'kuing'amba pakati m'litali mwake, pakuti pa ziweto zathu impso ya nkhumba ndiyo imafanana kwambiri ndi ya munthu. Mukasenda kachikopa kopyapyala ka kunja mudzaona mnofu wofiirira wozungulira m'mbali monse. M'kati mwake muli zigawo zooneka ngati timapiri tosongoka tokhala ndi timizere, ndipo nsonga za timapirito zaloza pakati, pamene pali kathumba kotuwa kooneka ngati fanulo. Mkodzo umapangidwa mumnofu wa kunjawo ndi m'timapirimo, umadontha pansonga zija, n'kusonkhana m'kathumbako usanatsike. Timizere mukutionato ndi timachubu tambirimbiri tondondozana, ndipo chubu chilichonse ndi mbali ya kachiwalo kotchedwa nephron. Impso imodzi ya munthu ili ndi timanefuroni pafupifupi 1 miliyoni, ndipo munthu amabadwa nato tonse. Kamene kafa sikameranso.

Kumutu kwa nefuroni iliyonse kuli kampukutu ka mitsempha ya magazi yopyapyala kwambiri, kopiringizana ngati ulusi, kotchedwa glomerulus, ndipo kanakhala m'kachikho. Marcello Malpighi wa ku Italy ndiye anayamba kufotokoza timipukutu timeneti m'chaka cha 1666, koma panapita zaka zoposa 170 kuti William Bowman wa ku England asonyeze, mu 1842, kuti kachikho kaja kanalumikizana ndi kachubu. Magazi amalowa m'kampukutu ndi mphamvu ya mtima, ndipo popeza mtsempha wotulukira ndi wopanikizika kuposa wolowera, madzi a m'magazi amafinyikira m'kachikho pamodzi ndi zonse zosungunuka, monga mchere, shuga ndi zinyalala zotsala thupi likagwiritsa ntchito nyama, nsomba ndi nyemba. Maselo a magazi ndi mapuloteni akuluakulu sadutsa chifukwa timabowo ta sefa imeneyi n'tating'ono kwambiri. N'chifukwa chake magazi kapena puloteni zikapezeka mumkodzo, ife achipatala timadziwa kuti penapake pang'ambika.

Tsopano tamvani kuchuluka kwake. Ngakhale kuti impso ziwiri pamodzi sizikwana theka la kilogalamu, zimalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a magazi onse amene mtima umapopa, kutanthauza magazi opitirira lita imodzi pa mphindi iliyonse. Madzi amene amasefedwa kulowa m'timachikho tija amakwana malita 180 pa tsiku, omwe ndi zigubu 9 za malita 20, zija amayi amatungira madzi pamjigo. Komatu mkodzo umene munthu amataya pa tsiku ndi lita imodzi ndi theka basi. Madzi ena onsewo amabwezedwa m'magazi pamene akuyenda m'timachubu, pamodzi ndi mchere woposa kilogalamu imodzi ndi shuga yense. Pophunzitsa anamwino ndimakonda kufanizira zimenezi ndi mayi amene akufuna kuchotsa miyala ndi zofumbwa m'nyemba. Iye sapisa dzanja m'thumba kukasaka mwala umodziumodzi, koma amakhuthulira thumba lonse pamphasa, n'kutola zabwino kubwezera m'thumba, zotsala pamphasapo n'kukataya. Ubwino wa njira imeneyi ndi woti impso siifunika kudziwa dzina la poizoni aliyense amene angalowe m'thupi. Chilichonse chimene sichinatoledwe chimapita ndi mkodzo.

Kutola kwakukulu kumachitika m'chigawo choyamba cha kachubu, chopindikapindika, mmene magawo awiri mwa atatu a madzi ndi mchere amabwerera m'magazi. Shuga amatoledwa pomwepo, koma manja otolerawo ali ndi malire. Shuga wa m'magazi akapitirira pafupifupi mamiligalamu 180 pa desilita (gawo limodzi mwa magawo khumi a lita) ya magazi, wina amapulumuka n'kukokera madzi mumkodzo, ndipo ichi ndicho chifukwa chake wodwala shuga amakodza pafupipafupi, amamva ludzu losatha, ndipo nyerere zimaunjikana pamene wakodza. Kuchoka apo kachubu kamatsikira m'kati mwa timapiri tija n'kubwereranso m'mwamba, mopindika ngati mbedza ya nsomba. Chigawo chimenechi chimadziwika ndi dzina la Jacob Henle wa ku Germany, amene anachifotokoza mu 1862, ndipo ntchito yake ndi kuunjika mchere m'kati mwenimweni mwa impso kuti mukhale mowawa mchere kuposa magazi. Pomalizira penipeni mkodzo umadutsa m'chubu chosonkhanitsira chimene chimapyola m'dera lamcherelo, ndipo apa ndi pamene pali yankho la funso lanu.

Ku Domwe ndi ku Ulónguè muli pamtunda wopitirira mamita 1,000, kumene mu Juni munthu amafunda bulangete n'kuotha moto m'mawa. Moatize ndi mzinda wa Tete zili m'chigwa cha Zambezi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo munthu wogwira ntchito yolemetsa padzuwa lotero angathe kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola limodzi. Kumeneko thukuta limauma msanga, moti mwina simuona n'komwe kuti mwataya madzi ochuluka, kungoona timizere toyera ta mchere pamalaya. Madzi akachepa m'magazi, ubongo umazindikira msanga, ndipo kachiwalo ka pansi pa ubongo kamatulutsa homoni, kutanthauza mankhwala a m'thupi onyamula uthenga kudzera m'magazi, yotchedwa ADH. Homoni imeneyi ikafika kuimpso imatsegula timakomo ta madzi m'chubu chosonkhanitsira chija, mchere wa m'timapiri n'kukoka madziwo kuwabwezera m'magazi. Zinyalala zimene zikanatuluka m'lita imodzi ndi theka zimapanikizidwa m'theka la lita, ndipo utoto wachikasu wa mkodzo, umene umachokera ku maselo ofiira a magazi okalamba, umakhathamira. Impso zowonongeka kwenikweni zimalephera kuchita zimenezi, moti chimodzi mwa zizindikiro zoyamba za kufooka kwake chimakhala kudzuka kangapo usiku kukataya mkodzo wambiri wotuwa ngati madzi.

Mungathe kudziyesa nokha. Kwa masiku awiri kapena atatu, imwani madzi musanapite kuntchito, khalani ndi botolo pafupi ndi pamene mukumanga, ndipo muzimwa makapu awiri kapena atatu pa ola lililonse la dzuwa popanda kudikira ludzu, chifukwa ludzu limabwera madzi atachepa kale. Ngati muyamba kukodza kanayi kapena kasanu, ndipo mkodzo uyera n'kukhala wachikasu pang'ono chabe, ndiye kuti vuto linali madzi. Musaope mchere wa m'ndiwo za masana pa masiku otuluka thukuta otere, ndipo thobwa kapena maheu ndi abwino ndithu. Ndinene mosabisa kuti kusiya impso zikuumira madzi chonchi tsiku ndi tsiku kuli ndi mtengo wake. Mkodzo wokhathamira umaumba timiyala, ndipo kamwala kakatsekera m'njira yotsikira, ululu wake umachokera pansi pa nthiti n'kutsikira kumphechepeche, woti bambo wamkulu amagubuduzika pansi. Ku Nicaragua ndi ku El Salvador, anyamata ambiri odula nzimbe akhala akudwala impso alibe shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo akatswiri ambiri amaloza chala ntchito yolemetsa ya padzuwa pamodzi ndi kuchepa kwa madzi m'thupi kobwerezabwereza.

Za mowa, anzanuwo aona chinthu choona koma achimasulira molakwika. Mowa umaletsa ubongo kutulutsa ADH, timakomo ta madzi tija timatsekeka, ndipo munthu amakodza mkodzo wambiri woyera. Kumeneko sikutsukika kwa impso ayi, koma ndi thupi kutaya madzi amene limawafuna, ndipo m'mawa mwake mumadzuka kukhosi kuli gwa, mutu ukuwawa, madzi atachepa kuposa dzulo. Kachasu ndiye woipitsitsa pa zimenezi. Mankhwala azitsamba ogulitsidwa m'mabotolo ndi lonjezo lotsuka impso nawonso ndimawakayikira kwambiri, chifukwa palibe amene amadziwa mlingo wa zimene zili m'katimo, ndipo chilichonse chosungunuka chimene mwamwa chimakathera pa sefa yomwe ija.

Tsopano za mapilitsi. Simunatchule dzina lake, koma ambiri ogulitsidwa pamsika opha ululu wa msana amakhala ibuprofen kapena diclofenac. Madzi akachepa m'thupi, mitsempha ya magazi imafinyika kuti magazi otsalawo akwanire ubongo ndi mtima, ndipo impso imadziteteza potulutsa timankhwala take totchedwa prostaglandin, timene timatsegula mtsempha wolowera m'kampukutu kaja kuti magazi asaleke kufika. Mapilitsi amenewa amapha ululu poletsa thupi kupanga timankhwala tomweto. Kwa munthu wamadzi okwanira, kumwa masiku awiri kapena atatu sikukhala vuto kawirikawiri, koma kwa munthu amene wakhala padzuwa tsiku lonse, wakodza kawiri kokha, kenako n'kumeza mapilitsi awiri madzulo aliwonse kwa miyezi, zili ngati kutseka mpopi wa munda umene wafota kale. Ndinaonapo bambo wina woyendetsa galimoto zonyamula katundu amene anatsegula m'mimba masiku atatu ali pa ulendo, akumwa mapilitsi otere chifukwa cha msana, ndipo anafika kuchipatala atatha tsiku lathunthu osakodza, nkhope itatupa, akusanza chilichonse. Impso zake zinadzuka patapita masiku angapo a madzi a m'mitsempha, koma sionse amene zimawayendera chomwecho. Siyani mapilitsiwo. Ngati ululu wakula, paracetamol pa mlingo wolembedwa papaketi ndi wofatsa kwa impso, ndipo msanawo ukaonedwe kuchipatala.

Njira yotsala ya mkodzo ndi yosavuta kuimvetsa. Kuchokera m'kafanulo ka impso iliyonse mumatuluka chubu chotalika masentimita 25 mpaka 30 chimene chimafinya mkodzo pang'onopang'ono, monga mmene m'mero mumatsitsira nsima, mpaka kufika m'chikhodzodzo. Machubu awiriwa amalowa m'chikhodzodzo mopendekeka, kotero kuti chikadzaza chimawapana n'kuletsa mkodzo kubwerera m'mwamba. Chikhodzodzo ndi thumba la minofu lotha kusunga pafupifupi theka la lita, ngakhale kuti munthu amayamba kumva kufuna kukodza chikafika theka la mlingo umenewo. Njira yotulukira kunja ndi yaifupi kwa amayi, masentimita 4 okha, pamene kwa abambo imafika pafupifupi masentimita 20, ndipo n'chifukwa chake tizilombo timafika msanga m'chikhodzodzo cha amayi n'kuyambitsa kuwotcha pokodza. Abambo vuto lawo limabwera ndi ukalamba, pamene prostate, kachiwalo kozungulira njirayi pansi pa chikhodzodzo, kamakula n'kuipana, mkodzo n'kumatuluka modontha.

Mwanena kuti mkodzo wanu nthawi zina umakhala wofiirira, ndipo apa ndikupemphani kuti muuyang'anitsitse masana, m'botolo loyera. Ngati pomalizira kukodza pamatuluka madontho a magazi, ganizirani za likodzo, limene ndi lofala m'chigawo chathu cha Tete paliponse pamene anthu amasamba, kuchapa ndi kuwedza m'madzi odekha a m'madambo, m'mitsinje ing'onoing'ono ndi m'mphepete mwa nyanja ya Cahora Bassa. Nyongolotsi zake, zimene Theodor Bilharz anazipeza ku Cairo mu 1851, zimakulira mu nkhono za m'madzi, zimaboola khungu la munthu, n'kukakhazikika m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo. Mazira ake ndiwo amang'amba khoma la chikhodzodzo potuluka, ndipo amene akanirira m'khomamo amasiya zipsera. Zipserazo zikapana polowera machubu aja, mkodzo umadikha m'mwamba, impso n'kufufuma ndi kuphwanyika mwakachetechete kwa zaka zambiri, ndiponso likodzo lokhalitsa limatha kubala khansa ya chikhodzodzo. M'midzi ina mnyamata akakodza magazi akuluakulu ankati wakula, ndipo abambo ambiri a msinkhu wanu anakula nalo osalandira mankhwala. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwedwa tsiku limodzi pa mlingo wolingana ndi kulemera kwa munthu. Mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka umene sukuyera ngakhale mwamwa madzi ndi nkhani ina: ukhoza kuchokera ku malungo aakulu, ku matenda a chiwindi, makamaka ngati maso achita chikasu, kapena ku minofu yophwanyika ndi ntchito ya padzuwa, ndipo zonsezi n'zofunika chipatala tsiku lomwelo. Amene akumwa mankhwala a TB asadabwe mkodzo ukafiira ngati lalanje, chifukwa umenewo ndi utoto wa rifampicin.

Pali ntchito zina za impso zosaoneka mumkodzo. Zikaona kuti magazi akufika mofooka, zimatulutsa renin, imene imayambitsa ndondomeko yofinya mitsempha ndi kusunga mchere kuti mphamvu ya magazi ikwere. Zimatulutsanso erythropoietin, homoni youza mafuta a m'mafupa kuti apange maselo ofiira, zimamalizitsa kukonza vitamini D kuti mafupa alimbe, ndipo zimataya asidi ndi potaziyamu wopitirira muyezo, amene akachuluka amatha kuimitsa mtima. N'chifukwa chake munthu wa impso zotheratu amakhala wotuwa, wofooka, wotupa mapazi ndi zikope, khungu likuyabwa, chakudya chosamukomera. Choopsa n'chakuti zizindikiro zimenezi zimachedwa kwambiri. Munthu amakhala bwinobwino ndi impso imodzi, ndipo timanefuroni tikamafa totsalato timasenza ntchito ya tinzake, moti mbali yaikulu ikhoza kuwonongeka mwini wake akulima ndi kumanga osamva kanthu. Zimene zimapha impso za anthu ambiri ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo zonse ziwiri sizipweteka msana. Zikatheratu, chotsala ndi makina osefa magazi, amene Willem Kolff anayamba kuwapanga ku Netherlands mu 1943, ndipo wodwala amafunika kulumikizidwa katatu pa mlungu, maola anayi ulendo uliwonse, kwa moyo wake wonse kapena mpaka atapatsidwa impso ya munthu wina. Makina otere ndi ochepa m'dziko lathu lino, ndipo kwa mlimi wa ku Tsangano kapena ku Macanga ali kutali zedi.

Pa zaka 43 muyenera kudziwa manambala anu, kaya msana ukuwawa kaya ayi. Pitani kuchipatala cha boma chimene muli nacho pafupi mukapemphe zinthu zitatu: akupimeni kuthamanga kwa magazi, kumene sikuyenera kumakhala pa 140/90 kapena kupitirira mukapimidwa masiku osiyanasiyana, akupimeni shuga, ndipo apime mkodzo ndi kapepala koviika kamene kamasintha mtundu mukakhala puloteni, magazi kapena shuga. Mkodzo wofufuza mazira a likodzo ndi bwino kuupereka cha masana, pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko, chifukwa ndi nthawi imene mazira amatuluka ambiri. Ngati chipatalacho chili ndi labotale yopima magazi, pemphaninso chimene papepala la Chipwitikizi chimalembedwa kuti creatinina, chinyalala chochokera m'minofu chimene chimakwera m'magazi impso zikamalephera kusefa. Amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir kupima kumeneku n'kofunika kwambiri, koma asasiye mankhwala mwa okha. Mutenge paketi ya mapilitsi mwakhala mukumwawo mukaonetse adokotala, ndipo muwauze masiku enieni amene mwawamwa. Koma mukadzatha tsiku lathunthu osakodza pamene mukumwa madzi, kapena mukadzaona kutupa kwa nkhope ndi mapazi, kapena kutentha thupi ndi kunjenjemera pamodzi ndi ululu wa pansi pa nthiti, musadzadikire tsiku lopuma kapena malipiro a kumapeto kwa mwezi, mudzapite kuchipatala nthawi yomweyo.